Kandulo ya pa Guwa la Wicca: Kapangidwe, Kayesedwe ka Chingwe ndi Kayatsidwe Kake

Ndakhala ndikupanga makandulo onunkhira kwa zaka zingapo kuno kumadzulo kwa England, ndipo ogula anga ambiri ndi a chipembedzo cha Wicca ndi ena a miyambo yoyandikana nacho. Anzathu ochokera kumudzi akamva zimenezi, funso limakhala lomwelomwe: "Achemwali, makandulo amenewo mumapanga bwanji, nanga timipeni ndi tizikho timene amayala patebulo tija n'tachiyani?" Wina amafunsa chifukwa akufuna kabizinesi kapambali. Wina wazipeza zinthuzi m'chipinda cha gogo amene amawasamalira kuntchito, ndiye mtima suli m'malo. Ndayankha pa WhatsApp kambirimbiri, choncho ndati ndilembe kamodzi. Ine sindine wa Wicca, Lamlungu ndimapita kutchalitchi. Za chikhulupiriro ndikuuzani zimene eni ake amanena, koma za phula ndi moto ndikuuzani zimene manja angawa akudziwa.

1. Dziwani kaye eni guwalo

Wicca si chipembedzo chakale ngati mmene ena amaganizira, ndipo chinabadwira ku England konkuno. Amene anachitulutsa poyera ndi Gerald Gardner, bambo amene anagwirapo ntchito ya boma la atsamunda ku Malaya. Lamulo lakale la 1735 lokhudza ufiti litathetsedwa mu 1951, iye anayamba kulankhula mosabisa, ndipo mu 1954 anatulutsa buku lofotokoza za gulu lake. Mayi wina, Doreen Valiente, analowa gululi mu 1953 n'kukonzanso mawu ambiri amene amanenedwa pa miyambo yawo mpaka lero. Pa kalembera wa 2021, ku England ndi Wales anthu pafupifupi 13,000 analemba kuti ndi a Wicca, ndipo pafupifupi 74,000 analemba kuti ndi a Pagan, dzina lalikulu la zipembedzo zolemekeza chilengedwe. Ambiri a Wicca amalemekeza mulungu wamkazi ndi mulungu wamwamuna, amatsatira kuyenda kwa mwezi, ndipo ali ndi zikondwerero 8 pachaka.

Pali liwu limodzi limene limatisocheretsa. Dzina lachingelezi limene iwo amadzitcha nalo, lakuti witch, ife tinaphunzira kusukulu kuti limatanthauza mfiti. Koma kwathu mfiti ndi munthu amene akumuganizira kuti amapha abale ake usiku, ndipo dzina limeneli lathamangitsitsa agogo osalakwa m'midzi, ena mpaka kuphedwa. N'chifukwa chake lamulo la ku Malawi la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mayi amene amagula kandulo kwa ine, namwino wopuma ntchito kapena mtsikana wa kukoleji, lamulo lake lalikulu ndi lakuti chita chimene wafuna bola usapweteke aliyense. Mukhoza kusagwirizana naye pa za Mulungu, monganso ine, koma musamunyamulitse dzina lolemera la kwathu lija.

Musasokonezenso Wicca ndi hoodoo. Hoodoo ndi mwambo wa anthu akuda a kum'mwera kwa America, ndipo ambiri ouchita ndi Akhristu amene amawerenga Masalimo poyatsa kandulo. Makandulo aatali a m'botolo, otchedwa a masiku 7, anafala kudzera kwa iwo ndi kwa Akatolika a ku Latin America. M'masitolo a m'tauni ngati Glastonbury zonsezi zimakhala pashelefu imodzi, koma eni ake amazisiyanitsa.

2. Zindikirani zida za paguwa ndi malo ake

Guwa la Wicca nthawi zambiri ndi katebulo chabe, kapena pamwamba pa kabati, poyalidwa nsalu. Ambiri amaliyang'anitsa kumpoto, ena kum'mawa. Mbali zinayi za dziko amazipatsa zinthu zinayi: kum'mawa mpweya, kum'mwera moto, kumadzulo madzi, kumpoto nthaka. Mukagwira zimenezi, zida zonse zimayamba kumveka.

Kampeni ka chigwiriro chakuda, kakuthwa mbali zonse ziwiri, amakatcha athame. Ndi kamene kamaopsa anthu athu kwambiri, pamene ntchito yake ndi kuloza basi. Amajambula nako mzere wozungulira m'malere, kuti malo amene aimawo akhale opatulika. Sadulira chinthu, ndipo ambiri sakanola n'komwe. Wodulira zitsamba, ulusi, kapena kulembera pa kandulo ndi mpeni wina wa chigwiriro choyera, dzina lake boline. Pali kandodo ka mtengo, kamenenso n'kolozera ndi kuitanira. Magulu ena amati athame ndi wa moto, kandodo n'ka mpweya, ena amatembenuza, ndipo musalowerere mkangano umenewo.

Chikho chimaimira madzi ndi mulungu wamkazi, ndipo amathiramo vinyo, juwisi kapena madzi. Pentacle ndi kambale kaphwatalala, ka mtengo, dongo kapena chitsulo, kojambulidwa nyenyezi ya nsonga 5, koimira nthaka. Pambali pake pamakhala kambale ka mchere. Chofukizira ndi cha mpweya: amayatsa kakala kozungulira pamchenga n'kuikapo lubani kapena mure, zomwezija timaziwerenga m'Baibulo. Ena ali ndi kamphika kachitsulo ka miyendo itatu kotenthera timapepala, belu, ndi tsache la timitengo losesera malo mwa mwambo, osati fumbi. Mukafuna kuona zida zakale zenizeni, ku Boscastle m'chigawo cha Cornwall kuli nyumba yosungira zinthu zoterezi.

Makandulo aakulu amakhala awiri: kumanzere ya mulungu wamkazi, yoyera kapena yasiliva, kumanja ya mulungu wamwamuna, yagolide kapena yofiira. Aziikidwa kumbuyo kwa guwa, kuti dzanja likamatenga chikho lisadutse pamwamba pa lawi, chifukwa mikanjo imene ena amavala ili ndi manja otaya. Pakati pa kandulo ndi inzake pakhale masentimita osachepera 10, ndipo nsalu isalendewere pamene mphaka angaikoke.

Malangizo awiri kwa inu. Mukapeza guwa m'nyumba ya munthu amene mukumugwirira ntchito, musagwire zida zake, makamaka athame, osapempha. Pukutani mozungulira. Ndipo ngati mukufuna bizinesi, gulitsani makandulo, za mipeni zisiyeni. Ku England kugulitsa mpeni kwa munthu wosakwana zaka 18 ndi mlandu, ndiponso kuyenda nawo pagulu popanda chifukwa chomveka.

3. Funsani kandulo ndi ya chiyani

Safunsa anadya phula. Musanasungunule kanthu, funsani wogulayo kuti kanduloyo akufuna ya mwambo wanji, aiyatsa nthawi yaitali bwanji, ndiponso m'chipinda chotani. Kwa iwo mtundu uli ndi tanthauzo. Yoyera ndi ya kuyeretsa ndipo imalowa m'malo mwa ina iliyonse. Yobiriwira ndi ya ndalama ndi zokolola, yofiira ya mphamvu ndi chilakolako, yapinki ya chikondi ndi ubwenzi, yabuluu ya mtendere ndi kuchira, yachikasu ya nzeru, yapepo ya zauzimu. Yakuda, imene ambiri amaiopa, eni ake amati ndi yodzitetezera ndi yochotsera zoipa.

Fungo nalonso limatsata cholinga: lavenda wa bata ndi tulo, rozimere wa chitetezo ndi kukumbukira, sinamoni wa mwayi wa ndalama, duwa la rozi la chikondi, lubani wa kuyeretsa. Malonda amayenda ndi zikondwerero. Samhain, pa 31 Okutobala, ndi tsiku lokumbukira akufa, ndipo makandulo akuda ndi aolenji amatha msanga. Imbolc, kumayambiriro kwa Febuluwale, ndi chikondwerero cha kuwala kobwerera, ndipo amafuna oyera ambiri. Beltane ndi pa 1 Meyi, Yule cha pa 21 Disembala. Ngati muli ku South Africa, kumbukirani kuti a Wicca ambiri a kumeneko amatembenuza kalendala kuti igwirizane ndi nyengo zawo. Samhain wawo amakhala kumapeto kwa Epulo, ndipo ena amaika moto kumpoto, kumene dzuwa limadutsa.

Musalonjeze kuti kandulo yanu ibweretsa mwamuna, ntchito kapena mapepala okhalira m'dziko. Inu mukugulitsa phula, chingwe ndi fungo. Zimene wogula akhulupirira ndi zake, ndipo kumudyera ndalama munthu amene ali pamavuto pomulonjeza zimene simungathe ndi kuba.

4. Sonkhanitsani zipangizo

Kwa woyamba ndimalangiza kandulo ya m'botolo, chifukwa sifuna chikombole. Mufunika phula la soya lopangira makandulo a m'botolo, sikelo yoyeza magalamu, choyezera kutentha, jagi yachitsulo, poto, zingwe za thonje zokhala ndi kachitsulo kunsi, timapepala tomatira kachitsuloko, mafuta onunkhira opangidwira makandulo, ndi utoto wa makandulo. Mabotolo akhale ogulitsidwira ntchito imeneyi, a galasi lochindikala. Tambula yomwera madzi kapena kapu yakale yokhala ndi mng'alu imatha kuphulika ikatentha.

Phula la njuchi ogula ambiri amalikonda chifukwa n'lachilengedwe, koma limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndi lolimba, limafuna chingwe chokulirapo, ndipo fungo lake la uchi limapikisana ndi limene mwathiramo. Lisiyeni kaye mpaka dzanja litazolowera. Liliponso phula la parafini, limene limatulutsa fungo bwino. Musalisokoneze ndi palafini wa nyale za koloboyi, amene sayenera kuyandikira ntchito imeneyi ngakhale dontho.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri ndi zitatu. Kuthira pefyumu wodzola, yemwe ali ndi sipiriti ndipo akhoza kugwira moto. Kupaka mtundu ndi makirayoni a ana, amene amatseka chingwe kuti chisakoke phula. Ndi kuyeza mafuta ndi sipuni kapena ndi maso. Pa ntchito imeneyi chilichonse chimakwera pasikelo.

5. Sungunulani, sakanizani, thirani

Titenge chitsanzo cha mabotolo atatu ofanana, otakata masentimita 7, lililonse lolowa madzi mamililita 200 kufika pamene mukufuna phula lilekezere. Phula n'lopepuka kuposa madzi, choncho botolo lililonse litenga pafupifupi magalamu 180. Yezani phula magalamu 500 ndi mafuta onunkhira magalamu 40, amene ndi 8 pa 100 alionse a phulalo. Phula la soya lambiri limanyamula pakati pa 6 ndi 10, ndipo wogulitsa amalemba malire ake. Mukapyola, mafuta amatuluka ngati thukuta pamwamba, ndipo thukutalo limatha kuyaka.

Ikani phula m'jagi, jagiyo m'poto wa madzi otentha. Osaika jagi pamoto mwachindunji, ndipo osachokapo. Likafika pafupifupi madigiri 80, chotsani, sungunulanimo utoto, kenako thirani mafuta n'kutakasa pang'onopang'ono kwa mphindi 2 zathunthu. Dikirani litsike kufika pafupifupi madigiri 55 mpaka 60. Nthawi imeneyo n'kuti mutamata kale chingwe pakati penipeni pa botolo lililonse, n'kuchigwiriza pamwamba ndi chopanira zovala kuti chiime chilili. Thirani modekha, m'chipinda chopanda mphepo, n'kuwasiya osawasuntha mpaka mawa. Zotsala musathire m'sinki, zimatseka mapaipi.

Ndiye muwaiwale kwa masabata 2. Phula la soya limapitirirabe kukhwima, ndipo kandulo yoyatsidwa pa tsiku lachiwiri siyaka ngati mmene idzayakire kwa wogula.

6. Yesani chingwe, ndipo musathamange

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsapo ndi chiganizo chimodzi, pamene ndiye ntchito yeniyeni. Ndifotokoze kaye chifukwa chimene ndimalimbikira.

Chaka changa choyamba ndinagulitsa kandulo yakuda ya m'botolo kwa mayi wina amene mwana wake anali m'chipatala. Patapita masiku anabwera nalo botolo litada bii ndi mwaye kukamwa konse, nkhope yake itagwa. M'miyambo imeneyi, makamaka ya hoodoo, anthu amawerenga mmene kandulo yayakira. Lawi lalitali amati pemphero lili ndi mphamvu, lawi lofooka amati pali chotchinga, mwaye wakuda amati pali zotsutsana nawe. Mayiyu anali atagona masiku awiri osapeza tulo poganiza kuti mwana wake sachira. Koma vuto linali langa. Ndinayesa chingwe pa kandulo yoyera, n'kugwiritsa ntchito chomwecho pa yakuda ya mafuta ena osayesanso. Ndinamuuza zoona, ndinamubwezera ndalama, ndipo kuyambira tsikulo palibe kandulo imene imachoka m'nyumba mwanga ndisanayatse inzake mpaka pansi. Amene amagula kandulo yokongoletsa pabalaza, chingwe cholakwika chimangomudetsera khoma. Amene amaiyatsa popemphera, chimamuuza bodza pa nthawi imene mtima wake uli pachiswe.

Chingwe chili ngati kapaipi. Chimakoka phula losungunuka kupita ku lawi, ndipo chimene chimayaka ndi nthunzi ya phulalo. Chikachepa, lawi silitha kusungunula mpaka m'mbali. Chikakula, chimakoka phula lambiri kuposa limene mpweya ungathe kutentha, ndipo lotsalalo ndiye mwaye. Tchati cha wogulitsa zingwe chimangokuuzani poyambira, chifukwa iye sadziwa mafuta anu, utoto wanu, ngakhale botolo lanu.

N'chifukwa chake ndinati mabotolo atatu. M'limodzi ikani chingwe chimene tchati chanena, m'lina chocheperapo ndi saizi imodzi, m'lachitatu chokulirapo ndi saizi imodzi. Lembani kunsi kwa botolo lililonse, chifukwa mudzaiwala. Masabata 2 aja akatha, dulani zingwe zitsale mamilimita 5, ikani mabotolo pathireyi yachitsulo motalikirana, kutali ndi zenera, n'kuyatsa onse nthawi imodzi. Muyezo ndi ola limodzi pa masentimita 2.5 alionse a kutakata kwa botolo, choncho athuwa ayake maola 3. Khalani pomwepo ndi kope, ndipo ola lililonse lembani zimene mukuona.

Lawi labwino limaima phee, lalitali pafupifupi masentimita 2 kapena 3, lopanda utsi. Dziwe la phula losungunuka likhale lakuya pakati pa theka la sentimita ndi sentimita imodzi. Mukaona lawi likuvina popanda mphepo, likulavula utsi, kapena pamutu pa chingwe pamera kachipewa kakuda ngati bowa, chingwecho chakula. Mukaona kandulo ikukumba dzenje pakati ngati chitsime, m'mbali muli khoma lochindikala la phula, lawi likuchepa mpaka kumira, chingwecho chachepa.

Tsopano mvetserani, chifukwa ambiri amagwa apa. Akaona kuti botolo la chingwe chachikulu lasungunuka mpaka m'mbali pa kuyatsa koyamba, amati apeza, n'kuyamba kupanga makandulo 50. Kulakwa. Lawi likamatsikira m'botolo, galasi limasunga kutentha, ndipo theka lapansi limatentha kwambiri kuposa lapamwamba. Chingwe chooneka bwino tsiku loyamba chimatha kudetsa botolo ndi kulitenthetsa mpaka kung'aluka pa kuyatsa kwachisanu. Kawirikawiri chopambana ndi chija chinasiya kaphula pang'ono m'mbali poyamba, chifukwa kaphulako kamadzasungunuka kokha moto ukatsika. Choncho zimitsani, dikirani phula liume gwa, dulaninso chingwe, yatsaninso maola 3, n'kumabwereza chonchi mpaka patatsala sentimita imodzi pansi. Zimatenga sabata kapena kuposa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chingwe chikapambana, pangani kandulo ina n'kuizunza dala: iyatseni maola ambiri osadula chingwe, inu muli pomwepo, kuti muone chimene chingachitike kwa wogula wosamvera malangizo. Ikayaka ngati muuni, tsikani saizi.

Ndipo mukasintha chinthu chimodzi chokha, kaya fungo, mtundu, botolo kapena kumene mumagula phula, mayeso ayambirenso. Utoto wakuda ndi mafuta olemera ngati a sinamoni, vanila ndi patchouli ndi amene amasintha kayakidwe kwambiri. Ngati mukufuna mitundu 7, ndiye kuti mayeso ndi 7. Kope lanu lija lisungeni ngati chiphaso, lidzakuthandizani wina akadzadandaula.

7. Kuveka kandulo, ndi nkhani ya zitsamba

Kuveka ndi mawu amene eni ake amagwiritsa ntchito ponena za kukonzekeretsa kandulo isanayatsidwe. Amatenga kandulo yoimirira, nthawi zambiri timakandulo tating'ono totalika masentimita 10 timene timatha pa maola ochepa, n'kulembapo dzina kapena chizindikiro ndi phini kapena boline. Kenako amaidzoza mafuta. Ena amayamba pakati kupita kumapeto onse awiri. Ena amati ukafuna kukoka chinthu upake cholozetsa kwa iwe, ukafuna kuchotsa upake chotalikitsa. Imeneyi ndi ntchito ya mwini pempherolo, osati yanu, koma akakufunsani muuzeni kuti madontho awiri kapena atatu akwana, chingwe chisanyowe, ndipo mafuta aukali ngati a sinamoni awasungunule kaye m'mafuta a olivi chifukwa amawotcha khungu.

Chimene ndimakana ndi makandulo a m'botolo owazidwa maluwa ouma, zitsamba, timitengo ta sinamoni ndi timiyala pamwamba. Pa Instagram amaoneka bwino, ndipo ogula adzakupemphani. Koma tsamba louma likamira m'phula limasanduka chingwe chachiwiri, ena n'kukhala chachitatu ndi chachinayi, mpaka pamwamba ponse pamayaka ndipo botolo limasweka. Timiyala timatentha, kukankha chingwe kuti chitsamire kugalasi. Ine zitsambazo ndimaziika m'kathumba kapadera, wogulayo aziwaze pambale mozungulira botolo, kutali ndi lawi. Amene ndakambirana nawo ambiri amavomereza kuti tanthauzo silichepa.

Za zofukiza ndionjezepo chimodzi. Mitolo ya masamba oyera a white sage imachokera ku California, ndipo eni nthaka a kumeneko akhala akudandaula kuti chitsambachi chikuthyoledwa mopyola muyezo komanso kuti mwambo wawo wasanduka malonda. Rozimere ndi lavenda zimamera m'munda uliwonse kuno ndipo zimafuka bwino.

8. Kuyatsa ndi kuzimitsa

Kandulo iime pa choikapo chosayaka, pamalo osapendekeka, kutali ndi makatani ndiponso osati pansi pa shelefu. Ya m'botolo isapitirire maola 4 pa kuyatsa kumodzi. Pali chikhulupiriro chakuti kandulo ya pemphero iyenera kuyaka mpaka kutha yokha, ndipo n'chimene chimachititsa ena kugona kapena kupita kuntchito ataisiya ikuyaka. Wofuna kutero agule timakandulo tating'ono tija, akhale nato mpaka tithe. Ya masiku 7 aziizimitsa pochoka n'kuiyatsanso pobwera. A Wicca ambiri sazimitsa ndi mpweya wa pakamwa, amati n'kupeputsa moto, ndiye amavundikira ndi kachipewa kachitsulo. Pamenepa mwambo ndi chitetezo zagwirizana, chifukwa kuuzira kumamwaza phula lotentha.

Phula likagwira moto musathire madzi, limathovoka n'kufalitsa motowo. Vundikirani ndi chivundikiro cha poto kapena bulangeti lozimitsira moto, ndipo zikakula tulukani muimbe 999, nambala ya zangozi kuno ku Britain.

Inu amene mumasamalira okalamba, izi n'zanu. Pamene pali botolo la okosijeni pasayake lawi lililonse. Mafuta odzola a odwala khungu amalowa m'zovala ndi m'zofunda n'kuzichititsa kugwira moto msanga, ngakhale zitachapidwa. Musawalande gogowo guwa lawo, kambiranani nawo ndi akuluakulu a kuntchito za makandulo a batire, amene a Wicca ambiri okhala m'nyumba zalendi amagwiritsa kale ntchito. M'nyumba ya mphaka kapena mbalame samalani ndi mafuta a zomera monga a bulugamu ndi tea tree, chifukwa amadwalitsa ziweto zimenezi, ndipo wa mphumu ayatse yopanda fungo.

9. Musanaike patebulo la malonda

Kuno ku Britain kandulo yonunkhira yogulitsa imafunika chizindikiro cha CLP, chimene chimatchula mankhwala a m'fungo amene angayabwitse anthu ena, monga linalool ndi limonene, pamodzi ndi dzina ndi keyala ya wopanga. Wogulitsa mafuta wodalirika amakupatsani pepala la zimenezi molingana ndi muyezo umene mwathira. Ngati alibe, gulani kwina. Misika yambiri imafunanso kuona inshuwalansi musanayale katundu.

Pambali pa zimenezo, ine ndimaika kakhadi m'bokosi lililonse. Pamakhala malangizo a kudula chingwe kufika mamilimita 5, malire a maola 4, ndi kuleka patatsala sentimita imodzi. Pansi penipeni pali mzere umene ndinaonjeza chichokereni mayi uja: "Botolo likada kapena lawi likavuta, yang'anani kaye chingwe ndi mphepo ya pazenera, ndipo mundibweretsere ndione."